Mbewu Inalibe Mlandu

Kwathu kuno, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mwana amadziwa keni yothirira asanadziwe choko. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, simungaiwaze ndi dzanja. Timaitapa pang'ono n'kuithira m'keni yodzaza madzi, timavundula ndi kamtengo, kenako n'kumayenda m'mbali mwa bedi tikuthirira, mbewu ikutuluka pamodzi ndi madziwo. Ukayamba bedi suima mpaka kumapeto, chifukwa ukaima mbewu imadikha pansi pa keni n'kukagwera malo amodzi. Tikatha timaphimba ndi udzu, basi n'kumadikira.

Chaka china, mwana wanga wachiwiri, wamkazi, ali ndi zaka ngati khumi, tinafesa mabedi atatu kudimba. Awiri anafesa bambo awo a ana ndi keni yathu yaikulu. Lachitatu ndinafesa ine ndi kakeni kakale kodontha. Mbewu inali ya m'botolo limodzi. Patapita masiku, bedi langa linabiriwira, awiri aja ali gwaa, ngati sitinathirepo kanthu. Bambo awo a ana anakwiya, anati mbewuyo ndi yowola, akaitaya kudzala.

Tsiku lomwelo kunabwera achimwene anga. Anayendera mabedi onse atatu manja ali kumbuyo, monga ankayendera m'kalasi. Kenako ananyamula keni yaikulu ija n'kuinunkhiza. Anafunsa ngati tinabwerekapo munthu. Tinakumbukira kuti mnansi wathu anaitenga sabata yapitayo, ndipo titamufunsa anavomera kuti anasungunuliramo mankhwala a chiswe n'kungotsukuluza kamodzi.

"Mlamu, musataye botololo," anatero achimwene. "Mbewu ilibe mlandu. Mlandu uli m'madzi amene mwaiikamo."

Tinafesanso ndi keni yotsuka bwino, ndipo fodya anamera. Ndinathokoza Mulungu pondipatsa mlongo wanzeru chotero.

Achimwene anga ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. Iwo anaphunzira ku Mvera n'kukhala aphunzitsi, kenako aphunzitsi aakulu a pasukulu ya kwathu, komanso mkulu wa mpingo. Ine ndinalekeza Sitandade 5. Chichewa ndimawerenga bwino, ndi iwo omwewo anandigwira dzanja polemba dzina langa koyamba, koma Chingerezi ndimangotola liwu limodzilimodzi ngati nkhuku. Ana anga onse asanu anali mbumba yawo. Panalibe ukwati, maliro kapena matenda amene tinkayendetsa osawauza. Makalata a mudzi wonse ankabwera kudzera pa bokosi la sukulu, ndipo a Chingerezi ankatiwerengera ndi iwo. Masiku amenewo kalata yochokera kunja kwa dziko inkafika nthawi zina itatsegulidwa kale n'kumatidwanso, ndipo munthu sunkafunsa kuti watsegula ndani.

Mwana wanga wachiwiriyo anakwatiwa ndi mnyamata wa cha ku Kasakula. Sindinena choipa pa mkamwini ameneyo, anali munthu. Ankagwira ntchito ku Joni, yoyendetsa galimoto ya dokotala wina, ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha popanda mwana. Tinapemphera. Amayi anzanga a kumpingo ankabwera Lachinayi n'kugwada nafe pamkeka. Ena ankandikokera pambali n'kundinong'oneza za munthu wina wa kuseri kwa phiri wodziwa mizu, koma ndinakana, mwana wanganso anakana. Kuchipatala anamuyeza n'kunena kuti njira zimene mazira amadutsa popita m'chiberekero ndi zotseka. Apongozi ake a ku Kasakula anayamba kuyankhula mokuluwika, zoti nkhuku yosaikira imangotha gaga.

Ndiye kunabwera kalata ya mkamwini. Anati bwana wake wamuuza za chipatala china kumeneko kumene amathandiza anthu a njira zotseka. Amatenga mazira mwa mayi, amawakumanitsa ndi mbewu ya mwamuna wake m'kambale, ndipo akayamba kukula amawabwezera m'mimba mwa mayiyo. Bwanayo analonjeza kuti zonse ayendetsa yekha, chofunika n'chakuti mkazi apite.

Ine sindinamvetse, koma ndinaona nkhope ya mwana wanga ikuwala koyamba pa zaka zambiri. Achimwene sanakondwe. Anati munthu amaumbidwa mobisika, m'manja mwa Mulungu, osati m'mbale ngati ndiwo. Anatinso nkhaniyi ikamveka kwa akulu a mpingo idzavuta. Koma mwanayo atawagwadira akulira, anagwedeza mutu n'kumuthandiza mapepala a ulendo. Anangolamula kuti kwa anthu tizinena kuti wapita kukaona mwamuna wake. Ine ndinati achimwene afewa mtima. Ndinawapititsira tambala.

Mwana wanga anakhala ku Joni miyezi itatu. Anabwerera onse awiri, iye ndi mwamuna wake, chifukwa dokotala uja anali kusamukira kutsidya kwa nyanja ndipo ntchito inatha. Nditangomuona akutsika basi ndinadziwa kuti wabwera chimanjamanja. Anandifotokozera tikupala chinangwa kuseri kwa nyumba. Anati anam'baya jakisoni masiku ambiri, mazira anawatenga, ndipo tsiku lachiwiri namwino anabwera akumwetulira kuti ayamba kugawikana bwino. Tsiku lachitatu anangoima. Madokotala anati akudabwa, afufuza, ndipo adzamulembera. Keyala imene anasiya inali ya sukulu ya atsibweni ake, poti ina tinalibe.

Lachisanu lililonse ankapita kusukulu kukafunsa. Atsibweni ake ankamuseka kuti wasanduka mesenjala wopanda njinga. Mvula itagwa, kwa apongozi ake kunagwa maliro, ndipo anapita ku Kasakula ndi mwamuna wake n'kukhalako masabata atatu akuthandiza kupalira. Kalata inafika iye kulibe.

Achimwene anandiitanitsa ana ataweruka. Ndikukumbukira ofesi yawo, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma, belu lamkuwa pa desiki, fungo la choko. Anatseka chitseko. Anavala magalasi n'kuyang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anandiuza kuti madokotala apeza kuti mazira a mwanayo ndi ofooka chibadwire, kuti ngakhale atayesa kakhumi sipadzakhala mwana, ndipo asadzivutitsenso kubwera.

Ndinalira pang'ono. Kenako ndinaona kuti kalatayo inali yolembedwa mbali zonse ziwiri, pomwe zimene anandiuza zinali zazifupi. Ndinafunsa. Anati zotsalazo ndi Chingerezi cha madokotala, chopanda ntchito kwa ife. Ndinasuzumira n'kuona liwu limodzi limene ndinkalidziwa kuyambira kusukulu, lotanthauza madzi, litalembedwa kangapo. Ndinaloza ndi chala.

"Akuti azimwa madzi ambiri, thupi libwerere," anatero.

Tinagwada pomwepo n'kupemphera, iwo akutsogolera. Titati ameni, kalata inali m'manja mwanga, chifukwa ndinaigwira popemphera. Anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere. Ndinawapempha kuti ndikhale nayo, ndikaiyale pamaso pa Mulungu monga inachitira mfumu ina ya m'Malemba italandira kalata yoopsa. Mkulu wa mpingo akanakana bwanji zimenezo? Anazengereza, kenako anati nditenge, koma ndisamuonetse mwiniwake. Anati Chingerezi chake cha pulayimale chingomuzunza, azidzangokhalira kuiwerenga n'kumadzipweteka. Anati mawu owawa amamveka bwino akachokera pakamwa pa mayi. Ndinaona kuti akunena zachifundo. Ndinaipinda kanayi n'kuilowetsa mkati mwa chikuto cha buku langa la nyimbo.

Mwana wanga atabwera ndinamuuza ndekha, m'chigafa, tikusoka fodya woyamba. Ndinasankha mawu ofewa, koma mpeni ndi mpeni. Sanalire. Anamaliza kusoka masamba amene anali nawo m'manja, n'kufunsa kuti kalatayo ili kuti. Ndinati atsibweni ako aisunga. Bodza limenelo ndi langa, palibe anandiuza kuti ndinene choncho, ndipo ndalilapa kambirimbiri. Ndinkadziwa kuti sangayerekeze kukaitanitsa pepala kwa atsibweni ake.

Zinthu zinayenda msanga. Mkamwini atamva anati zilibe kanthu, akhalabe ndi mkazi wake. Koma amayi ake ndi azilongo ake sanamupatse mpata. Chaka chisanathe ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Wa mbali yathu anali achimwene. Ankhoswe a kuchimuna atafunsa ngati pali chiyembekezo chilichonse, iwo anaimirira n'kubwereza mawu omwe aja, kuti madokotala a kunja, amene amaona ndi makina, anena kuti sizidzatheka. Ananena mwaulemu, mutu uli pansi, ndipo onse anawakhulupirira monga ndinawakhulupirira ine. Misozi ya mkamwini inkagwera pa nsapato. Amene anamumasula anali mwana wanga. Anati iye sangamange munthu wabwino pa chitsa chouma, apite akabereke.

Mkamwini anapitadi. Anakwatira kwawo, ndipo mpingo unamuika pa chilango chifukwa cha ukwati wachiwiriwo. Pa bwalo limene linamulanga, achimwene analiponso.

Zaka zisanu zotsatira mwana wanga anakhala pakhomo panga ngati mlendo waulemu. Ntchito ankagwira kuposa aliyense. Koma kwaya anasiya. Mng'ono wake atabereka, anachapa matewera, anatunga madzi, anachita zonse, koma khandalo sanalinyamule. Ndinamufunsa chifukwa, anati manja a munthu wofa m'kati sayenera kugwira mwana wa eni. Mphunzitsi wina wamasiye, munthu wofatsa, anatumiza mawu kawiri, ndipo kawiri konse anakana, anati sakufuna kunamiza munthu wina. Ine m'mawa uliwonse ndinkatsegula buku la nyimbo, ndinkagwira pachikuto pamene panali kalata, n'kupempha Mulungu kuti atiphunzitse kulandira chifuniro chake. Ndinkamuthokozanso chifukwa cha achimwene, amene anatisenzera katundu wolemera chotere.

Chaka chimene anthu anayamba kunong'onezana za zipani zambiri, bambo awo a ana anadwala chifuwa n'kugonekedwa kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Ndinapita kukawadikirira. Ndimathokoza anthu a pamenepo, anatisamala ndipo bambowo anachira. M'mawa odikirira odwala tinkasonkhana pakhonde kupemphera ntchito isanayambe. Pankabweranso mayi wina wogwira ntchito m'chipinda choyezera magazi ndi makhololo. Anali wa cha ku Mvera, ndipo tinadziwana chifukwa cha nyimbo. Mawu anali nawo okoma koma mavesi ankaiwala, ndiye ankasuzumira m'buku langa. Ndinkamunena kuti anamwa mankhwala a mawu n'kuiwala a mutu, iye n'kumati ine ndimaimba ngati ndikuitana mbuzi kuphiri.

Tsiku lina anabwereka bukulo kuti akopere nyimbo ina. Chikuto chinali chitatha, ndipo kalata inagwa. Anandibweretsera masana ndili pansi pa mtengo, ndikudyetsa bambo awo a ana malalanje. Anapepesa kuti maso ake anagwera pa mizere yoyamba asanadziwe kuti ndi za eni. Kenako anafunsa mwachimwemwe ngati mwana wanga anabwererako, ndipo ngati zinatheka ulendo wachiwiri.

Ndinati abwerere kukatani, poti anamuuza kuti mazira ake ndi ofa.

Anandiyang'ana. Anandipempha kuti tipite poduka mphepo, tinakakhala pa benchi kuseri kwa chipinda chake. Anafunsa kuti anandiwerengera ndani. Ndinati achimwene anga, aphunzitsi aakulu. Anatambasula pepalalo pa bondo n'kuyamba kundiwerengera mzere ndi mzere, chala chili pa mawu, akutembenuza m'Chichewa.

Madokotala ankapepesa. Anati mazira a mwana wanga anali abwino, mbewu ya mwamuna wake inalinso yabwino, ndipo anayi anakumana n'kuyamba kukula monga mwa nthawi zonse. Anati atafufuza anapeza kuti si iye yekha, amayi onse amene anathandizidwa sabata imeneyo zinawachitikira chimodzimodzi. Vuto linali m'madzi amene ankasungiramo mazirawo. Chosefera chawo chinawonongeka osadziwa, ndipo m'madzimo munalowa zosafunika. Anati akonza, ndipo akumupempha kuti abwere chaka chisanathe adzayesenso, chipatala chidzasenza zonse chifukwa kulakwa kunali kwawo. Anamaliza ndi kunena kuti sangalonjeze mwana, koma sakuona chifukwa chotayira mtima.

Ndinamupempha kuti abwereze. Anabwereza. Ndinafunsa kuti madziwo ndi madzi anji.

Anandifotokozera moleza mtima. Anati kanthu kamene kamayamba dzira likakumana ndi mbewu n'kakang'ono kuposa mbewu ya fodya, ndipo masiku oyambawo kamakhala kakuyandama m'timadzi ta m'thupi la mayi, n'kumadya zimene zili m'timadzito. Ndiye akakatulutsa kunja ayenera kukakonzera madzi ofanana ndi a kwa mayi ake, okhala ndi mchere wake, shuga wake ndi zakudya zina, chilichonse pa mlingo wake, otentha ngati thupi la munthu, osawawasa kwambiri, osachepanso. Kamayamba kali kamodzi, n'kugawikana pawiri, kenako panayi, n'kumapita. Koma kalibe khungu lokateteza, kalibe pothawira. M'madzimo mukalowa kanthu koipa, ngakhale kochepa kosaoneka ndi maso, ngakhale sopo wotsalira m'botolo losatsukuluza bwino, kamangoima. Anati iyenso pa ntchito yake amakonza chakudya cha tizilombo m'timbale kuti adziwe matenda a munthu, ndipo chakudyacho chikalakwika m'kambale simumera kanthu, munthu n'kumaoneka ngati alibe matenda pomwe ali nawo.

Iye akuyankhula, ine ndinali kudimba, ndikuona achimwene atanyamula keni kufikitsa kumphuno.

Ndinafunsa ngati munthu wodziwa Chingerezi angathe kuphonya tanthauzo la kalata yotere. Ndinkafuna kuti ati inde. Anati, "Mayi, ailemba mophweka dala, kuti mwiniwake amve. Mwana wa Sitandade 8 akhoza kuimva."

Sindinawauze bambo awo a ana mpaka atatuluka. Titafika kunyumba ndinagona tsiku limodzi, lotsatira m'mawa ndinavala bwino n'kupita kwa achimwene. Anali atapuma ntchito. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pambali. Anandilandira mwansangala, anafunsa za odwala, anaitana akazi awo, mlamu wanga, kuti atenthe madzi a tiyi. Ndinati tiyi adikire. Ndinatulutsa kalata n'kuiika pa mpando.

"Achimwene, maso anga akalamba. Mundiwerengerenso iyi."

Anaiyang'ana osaigwira. Anapukuta manja pa nsanza nthawi yaitali. Anafunsa kuti ndaonetsa ndani. Ndinati munthu wodziwa kuwerenga.

Sanakane, ndipo mwina zikanandipepukira akanakana. Anati anachita zimene mwini mbumba ayenera kuchita. Anati ulendo woyamba analola chifukwa cha misozi, ndipo chikumbumtima chinawazunza miyezi yonse itatu. Anandifunsa ngati ndikudziwa kumene amapita ana otsala m'timbalemo, amene sanabwezeredwe m'mimba, ngati sawakhuthulira kudzala. Anati ndani akanatitsimikizira kuti mbewu imene aika ndi ya mkamwini. Anati zitaima tsiku lachitatu lija iwo anaona kuti Mulungu wayankha, ndipo kalatayo inali mayesero chabe. Anawonjezera, motsitsa mawu ngakhale panalibe wina, kuti anthu a chipani anali atawafunsapo kale chifukwa chimene mphunzitsi wamkulu amalandirira makalata a kunja, ndipo ulendo wachiwiri ukanabweretsa mafunso amene sakanatha kuyankha.

Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, monga ndinaleredwera. Zina mwa zimene ananena ndi mafunso enieni, mpaka lero sindidziwa mayankho ake. Koma sizinali zimene ndinabwerera.

"Mukanandiwerengera zoona, kenako n'kuletsa," ndinatero. "Ndinu atsibweni ake. Mwina tikanakumverani, mwina ayi, koma mwanayo akanadziwa kuti ndi wamoyo m'kati. Inu munatenga bodza n'kuliika m'kamwa mwanga kuti ndikamumwetse ndine. Munati likoma likachokera kwa mayi."

Anati Mulungu akanafuna kumupatsa mwana akanamupatsa ngakhale njira zili zotseka.

Ndinati zimenezo n'zoona, koma Mulungu yemweyo analola kuti kalata iwoloke malire, idutse m'manja mwa otsegula makalata, ifike bwinobwino. Inadzafera pa desiki ya mkulu wa mpingo. Kenako ndinawafunsa ngati akukumbukira chaka cha mabedi atatu, ndi amene anatiletsa kutaya botolo la mbewu.

Anatenga chubu chija n'kuchimiza m'beseni, n'kumayang'ana thovu. Anati, "Mlongo wanga, zinapita zimenezo. Ukamuuza ungomutsegula bala."

Mawu omwe aja, achifundo chomwe chija. Ndinatola kalata yanga n'kutsanzika mlamu wanga, amene anali ataima pakhomo ndi makapu awiri.

Ndinakhala masabata awiri ndikulimbana nazo m'pemphero. Mkamwini anali ndi ana awiri kwa mkazi wina. Dokotala uja anapita kalekale. Chaka chimene anatipatsa chinatha kasanu. Kunena zoona sikukanabweza kalikonse, ndipo kukanaulula bodza langa lomwe. Koma tsiku lililonse ndinkamuona akudutsa pafupi ndi mwana wa mng'ono wake manja atawabisa m'chitenje.

Inali nyengo ya nazale. Tinapita kudimba awiri m'mamawa. Iye anasungunula mbewu m'keni, anavundula, n'kuyamba bedi. Ndikanadikira kuti amalize, koma ndinaona kuti ndikadikira sindidzanenanso. Ndinayenda pambali pake n'kuyamba kufotokoza, za mayi wa ku Mvera, za madzi, za chosefera, za amayi ena a sabata imeneyo, za kuitanidwa kuti abwerere. Sanaime. Anapitiriza kuthirira, dzanja likupita uku ndi uku, mpaka kumapeto kwa bedi. Anaika keni pansi bwinobwino.

"Ndiye anali amoyo?"

"Anali amoyo."

"Angati?"

"Anayi."

Anakhala pansi pa mzere, pamatope pomwepo. Kenako anati, "Munati kalata ili ndi atsibweni."

"Ndinanama, mwana wanga. Inali m'buku langa la nyimbo."

"Limene ndimakunyamulirani Lamulungu lililonse."

Ndinaitulutsa n'kumupatsa. Anapukuta manja pa chitenje n'kuiwerenga yekha, milomo ikuyenda, pang'onopang'ono, osafunsa liwu ngakhale limodzi. Chingerezi chake cha pulayimale chinakwanira. Chikanakwaniranso zaka zisanu zapitazo.

Mwezi wathunthu sanandiyankhule kupitirira moni. Ndinalandira, chinali chilango changa. Kenako Loweruka lina anavala n'kunena kuti akupita ku Kasakula, ndimuperekeze. Tinamupeza mkamwini wakale pamsika akugulitsa nyemba. Anatilonjera mwaulemu monga kale, anandipatsa mpando wake. Mwana wanga sananene zambiri, anangomupatsa kalata n'kuti akufuna adziwe kuti sanamunamize pamene ankapita naye ku Joni. Bamboyo anawerenga ataimirira, kenako anakhala pa thumba la nyemba n'kuphimba nkhope ndi chipewa. Ogula anafika n'kubwerera. Atachotsa chipewa anangoti akanagulitsa ng'ombe za bambo ake, akanayenda wapansi. Mwana wanga anatenga kalata yake, anafunsa ngati ana ali bwino, n'kuwapatsira moni. Pobwerera m'basi anatsamira paphewa langa n'kugona. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha phewalo.

Sanakwatiwenso, ndipo mwana sanabereke. Koma mng'ono wake atabereka wachitatu, amene anamulandira n'kumusambitsa anali iye, ndipo anakangana ndi azamba kuti madzi azizira. Kalata ili m'sutikesi yake, sinabwererenso m'buku langa. Kwa atsibweni ake sanapondeko mpaka tsiku la maliro awo.

Ine sindikanatha kutero, anali achimwene anga. Sindinakawanenere ku bwalo la mpingo, ngakhale bambo awo a ana anandiumiriza. Mgonero woyamba nkhaniyi itaululika, akulu a mpingo anagawana mizere, ndipo mzere wathu unagwera iwo. Ndinawaona akubwera ndi mbale ya mkate, jekete lakuda lomwe lija, akuwerama pa munthu aliyense. Ndinaganiza zoti mbale indipitirire. Koma ndinadziuza kuti mkatewo si wawo, iwo angonyamula. Ndinatenga, maso anga ali pa mbale. Mwana wanga, amene anakhala pambali panga, anapinda manja, ndipo iwo anaima pamaso pake nthawi yaitali kuposa poyenera, kenako anapitirira.

Atadwala ndinawaphikira phala, ndinawachapira, ndinawaimbira nyimbo zimene ankakonda. Sanapepese, ndipo ine sindinawakumbutse. Tsiku lina kuchipatala anatipatsa pepala la mankhwala lolembedwa m'Chingerezi, iwo ali chigonere anatambasula dzanja mwachizolowezi kuti andiwerengere. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba, ndinati ndikafunsa anamwino. Anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kutembenukira kukhoma.

Kukhululuka ndimakupempha m'mawa uliwonse. Masiku ena ndimaona ngati kwamera, ndiye ndikamva mwana wanga akuseka ndi ana a eni panja, ndimapeza kuti bedi likadali gwaa. Anayi aja ndimawatchula m'pemphero pamodzi ndi adzukulu anga ena, ngakhale sindidziwa ngati abusa angavomereze. Ndimati, Ambuye, inu mukuwadziwa, analibe mlandu, amayi awonso analibe mlandu.